Mafizo olimbitsa thunthu la thupi kwa anthu odwala sitiroko

Munthu akadwala sitiroko, matenda omwe ambiri amawatcha opha ziwalo, maso a abale ndi anansi amathamangira pa dzanja lomwe lalobodoka ndi mwendo womwe ukukanika kuponda pansi. Funso lomwe aliyense amafika nalo kuchipatala ndi lakuti kodi wodwalayo adzayambanso liti kuyenda. Koma akatswiri a mafizo sayambira pa mwendo. Iwo amayamba aona ngati munthuyo akutha kudzitembenuza yekha pakama, kudzuka, ndiponso kukhala tsonga popanda kugwera kumbali. Zonsezi ndi ntchito ya minofu ya pamimba, kumsana, m'nthiti ndi m'chiuno, chigawo chomwe m'nkhani ino tikuchitcha thunthu la thupi.

Mafizo olimbitsa thunthu ndi masewera ochitidwa mwa ndondomeko ndi cholinga chakuti minofu imeneyi ibwezeretse mphamvu zake, komanso kuti ubongo uphunzirenso kuilamulira pa nthawi yake. Safuna makina odula, ndipo ambiri mwa iwo amatheka pa bedi, pa mphasa kapena pa mpando wamba. Ichi n'chifukwa chake nkhaniyi ikukhudza mabanja, akuluakulu a m'maofesi komanso onse omwe ali ndi udindo wokonza ndondomeko za chuma ndi zaumoyo m'dziko muno.

Kukula kwa vuto la sitiroko

Sitiroko imachitika pamene magazi alephera kufika ku chigawo china cha ubongo. Izi zimadza m'njira ziwiri. Njira yoyamba, yomwe imachitika kwa odwala pafupifupi awiri mwa atatu alionse pa dziko lapansi, ndi kutsekeka kwa mtsempha kaamba ka magazi oundana kapena mafuta omwe amatirira m'kati mwake. Njira yachiwiri ndi kuphulika kwa mtsempha, pomwe magazi amatayikira mu ubongo kapena m'mbali mwake. M'njira zonse ziwirizi, chigawo cha ubongo chomwe chasowa magazi chimaonongeka, ndipo ziwalo zomwe chimayendetsa zimafooka. Kawirikawiri mbali ya thupi yomwe imafooka ndi yotsutsana ndi mbali ya ubongo yomwe yavulala: vuto likakhala kumanja kwa ubongo, dzanja ndi mwendo wa kumanzere ndizo zimafa mphamvu.

Chaka chilichonse anthu pafupifupi 12 miliyoni amadwala sitiroko pa dziko lonse, ndipo bungwe la World Stroke Organization limanena kuti munthu mmodzi mwa anayi alionse a zaka zopitirira 25 adzadwala matendawa pa moyo wake. Dziko lapansi limakumbukira za matendawa pa 29 Okutobala chaka chilichonse.

Kuno ku Malawi gwero lalikulu ndi kuthamanga kwa magazi. Kafukufuku wa STEPS yemwe Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizidwa ndi bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO m'chaka cha 2009 anapeza kuti anthu pafupifupi 33 mwa 100 alionse a zaka za pakati pa 25 ndi 64 anali ndi vutoli, ndipo ochuluka zedi mwa iwo sankalandira mankhwala. Kafukufuku wina yemwe anachitika pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth mu mzinda wa Blantyre, ndi kusindikizidwa m'chaka cha 2016, anaonetsa kuti pambuyo pa kuthamanga kwa magazi, kachilombo ka HIV ndiko kanali kachiwiri pa zinthu zoika anthu pa chiopsezo cha sitiroko, makamaka pakati pa anthu omwe sanafike pokalamba. Matenda a shuga, kusuta fodya, kumwa mowa mwauchidakwa, kudya mchere wambiri ndi kunenepa mopitirira muyezo zimaonjezeranso chiopsezochi. Tanthauzo lake ndi lakuti ambiri mwa odwala ndi anthu omwe akadali pa msinkhu wogwira ntchito ndi kulera ana.

Thunthu la thupi ndi ntchito yake

Fupa la msana palokha silingathe kuimika thupi. Ndi mndandanda wa timafupa tosanjikizana tomwe timadalira minofu yozungulira kuti tisapindike ndi kulemera kwa mutu, chifuwa ndi manja. M'chaka cha 1992 katswiri wa pa yunivesite ya Yale ku America, Manohar Panjabi, anafotokoza kuti kukhazikika kwa msana kumadalira zinthu zitatu zogwira ntchito limodzi: mafupa ndi zomangira zake, minofu, ndi mitsempha yotumiza mauthenga kuchokera ku ubongo. Sitiroko simathyola fupa ndipo poyamba simaononga mnofu weniweniwo. Imaononga chinthu chachitatucho, chomwe ndi ulamuliro wochokera ku ubongo, ndipo kufooka kwa minofu kumatsatira chifukwa chosagwiritsidwa ntchito.

Minofu ya pathunthu ili m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la minofu ya m'kati, yomwe imazinga mimba ngati mtsuko. Kutsogolo ndi m'mbali kuli mnofu wotchedwa transversus abdominis, womwe umazungulira mimba ngati lamba. Kumbuyo kuli timinofu tating'onoting'ono totchedwa multifidus, tomwe timalumikiza timafupa ta msana. Pamwamba pali mnofu wopumira womwe uli kunsi kwa mapapo, ndipo pansi pali minofu yomwe imagwira chikhodzodzo ndi matumbo. Minofu inayi ikakungika pamodzi, mphamvu ya m'kati mwa mimba imakwera ndipo msana umakhazikika. Gulu lachiwiri ndi la minofu ikuluikulu ya kunja, monga ya kutsogolo kwa mimba, ya m'nthiti, yoongola msana ndi ya m'matako, yomwe imapinda, kuongola ndi kupotoza thupi.

M'chaka cha 1996 akatswiri awiri a pa yunivesite ya Queensland ku Australia, Paul Hodges ndi Carolyn Richardson, anaonetsa kuti munthu wathanzi akafuna kutukula dzanja mofulumira, mnofu wa transversus abdominis umayamba kukungika dzanjalo lisananyamuke. Ubongo umakonzeratu thunthu kuti lilandire kulemera komwe kukubwera. Ngati kukonzekera kumeneku kwachedwa kapena kwasowa, munthu amadzandira pongofuna kutola kapu pa tebulo. Dzanja ndi mwendo zimayenda bwino pokhapokha ngati pamene zamera pali pokhazikika, monga momwe denga la nyumba limadalira mzati.

Zomwe sitiroko imachita ku thunthu

Dzanja ndi mwendo zimalandira mauthenga makamaka kuchokera ku mbali imodzi ya ubongo, koma minofu ya pathunthu imalandira kuchokera ku mbali zonse ziwiri. Kaamba ka ichi, kufooka kwa thunthu sikuonekera msanga ngati kufa kwa dzanja, komabe kumakhudza mbali zonse za thupi, ngakhale mbali yomwe abale amaitcha yabwino.

Zizindikiro zake n'zodziwika kwa aliyense yemwe anasamalirapo wodwala wotere. Akakhala pansi, chiuno chimagwera kumbuyo ndipo msana umapindika. Thupi limapendekera mbali imodzi, ndipo kulemera kwake sikugawanika mofanana pa matako onse awiri. Potembenuka pakama amachita kukoka zofunda kapena m'mphepete mwa bedi. Poyenda, phewa ndi chiuno zimapita pamodzi ngati thabwa m'malo mosinthana. Kupuma kumakhala kosafika pansi ndipo kutsokomola kumakhala kopanda mphamvu, zomwe zimaika wodwala pa chiopsezo cha chibayo. Ena amavutikanso kugwira mkodzo.

Pali odwala ena omwe ubongo wawo umasokonekera pa kazindikiridwe ka kuongoka kwa thupi. Iwowa amadzikankhira ku mbali yofookayo pogwiritsa ntchito dzanja ndi mwendo wamphamvu, ndipo akaongoledwa amakana poganiza kuti akugwetsedwa. Enanso, makamaka omwe avulala kumanja kwa ubongo, amaiwala mbali ya kumanzere ya thupi lawo ndi zonse zomwe zili kumeneko. Izi si mwano kapena ulesi, koma ndi gawo la matendawa, ndipo zimafuna katswiri kuti atsogolere mafizo.

Kuyeza mphamvu ya thunthu

Mafizo asanayambe, katswiri amayeza pomwe wodwala ali kuti adzathe kuona ngati pali kusintha. Muyezo wosavuta kwambiri ndi Trunk Control Test, womwe Collin ndi Wade a ku Oxford m'dziko la Britain anaufalitsa m'chaka cha 1990. Uli ndi zinthu zinayi: kutembenukira ku mbali yofooka, kutembenukira ku mbali yamphamvu, kudzuka kuchoka pogona n'kukhala tsonga, ndi kukhala m'mphepete mwa bedi kwa masekondi 30 mapazi asakugunda pansi. Pa chilichonse wodwala amapatsidwa 0 ngati walephera, 12 ngati watha movutikira kapena mogwirira, ndi 25 ngati watha bwinobwino. Zonse pamodzi zimakwana 100. Akatswiri awiriwa anapeza kuti odwala omwe anafika pa 50 kapena kupitirira patatha masabata 6 chidwalireni, ambiri anali atayamba kuyenda pofika sabata ya 18.

Muyezo wina ndi Trunk Impairment Scale, womwe unakonzedwa ndi Geert Verheyden ndi anzake ku Leuven m'dziko la Belgium m'chaka cha 2004. Umayambira pa 0 kulekeza pa 23, ndipo umaona zinthu zitatu: kukhala tsonga osasuntha, kukhala tsonga uku thupi likusunthira m'mbali, ndi kupotoza chifuwa ndi chiuno padera. Kwa omwe ayamba kuimirira pali Berg Balance Scale, wa zinthu 14 ndi mapointi 56. Miyezo yonseyi imafuna zipangizo zosavuta kupeza monga bedi kapena mpando, wotchi ndi pepala, kotero ndi yotheka ngakhale pa chipatala chaching'ono cha kumudzi.

Nthawi yoyambira

Ubongo uli ndi mphamvu yokonza njira zatsopano zotumizira mauthenga m'malo mwa zomwe zaonongeka. Mphamvu imeneyi imakhala yaikulu m'miyezi itatu yoyambirira, ndipo imanka nichepa pofika mwezi wachisanu ndi chimodzi, ngakhale kuti munthu wolimbikira amatha kusinthabe patapita zaka. Choncho wodwala yemwe wangogonekedwa m'nyumba kwa miyezi itatu podikira kuti apezeko bwino amakhala wataya nthawi ya mtengo wapatali.

Komabe kufulumira mopyola muyezo nakonso n'koopsa. Kafukufuku wamkulu wotchedwa AVERT, yemwe anakhudza odwala opitirira 2,000 m'maiko asanu ndi kusindikizidwa m'chaka cha 2015, anapeza kuti odwala omwe anadzutsidwa pakama pafupipafupi ndiponso kwa nthawi yaitali maola 24 oyambirira asanathe sanachire bwino poyerekeza ndi anzawo omwe anayamba modekha. Chifukwa cha ichi, malangizo a m'maiko ambiri ndi akuti wodwala ayambe ndi masewera ofupikirako, obwerezedwa kangapo pa tsiku, pamene dokotala watsimikiza kuti kuthamanga kwa magazi, kugunda kwa mtima ndi kapumidwe zakhazikika. Kwa ambiri izi zimatheka patapita tsiku limodzi kapena awiri, koma omwe mtsempha unaphulika kapena omwe adwalika kwambiri angafunike kudikira kupitirira apo.

Gawo loyamba: masewera a pogona

Wodwala amagona chagada, mawondo atapinda ndipo mapazi ataponda pa bedi. Ngati mwendo wofooka ukugwera kumbali, womuthandiza amaugwira pa bondo ndi pa phazi.

Choyamba ndi kupuma ndi mimba. Wodwala amaika dzanja lamphamvu pa mchombo, n'kukoka mpweya pang'onopang'ono kudzera m'mphuno mpaka mimba itakwera, kenako n'kuutulutsa pakamwa. Potulutsa mpweyawo amakokera mchombo m'kati mofatsa, ngati munthu yemwe akumanga lamba wothina, n'kugwira chomwecho kwa masekondi 5 mpaka 10 uku akupumabe. Apa ndi pamene minofu ya m'kati imadzutsidwa.

Chachiwiri ndi kupendeketsa chiuno. Wodwala amakanikiza kunsi kwa msana pa bedi mpaka mpata womwe umakhala pamenepo utatsekeka, kenako n'kumasula kuti msana ubwerere mwakale.

Chachitatu ndi kugwetsera mawondo onse awiri ku mbali imodzi, n'kuwabweza pakati, kenako n'kuwagwetsera mbali inayo, mapewa ali phee pa bedi. Seweroli limaphunzitsa chiuno kuyenda pachokha osakoka chifuwa.

Chachinayi ndi kutukula matako. Wodwala amaponda mwamphamvu ndi mapazi onse awiri, n'kunyamula matako mpaka mapewa, chiuno ndi mawondo zitakhala mu mzere umodzi, osalola kuti mbali yofooka itsikire pansi. Akazolowera, amayamba kutukula ndi mwendo umodzi, ndipo cholinga chimakhala chakuti mwendo wofookawo udzathe kunyamula thupi. Seweroli lili ndi phindu la pompopompo, pakuti limathandiza povala, poyala bedi ndi pogwiritsa ntchito chiwiya chodzithandizira pakama.

Chachisanu ndi kutembenuka. Wodwala amapinga zala za manja onse awiri kuti dzanja lamphamvu linyamule lofooka, n'kuwatambasulira m'mwamba, kenako n'kutembenuza mutu, mapewa ndi manja kupita mbali imodzi mpaka thupi lonse litatsatira. Kuchoka apo amaphunzira kutsitsa miyendo m'mphepete mwa bedi ndi kudzikankha ndi chigongono mpaka atakhala tsonga.

Gawo lachiwiri: masewera a pokhala

Wodwala amakhala pa bedi lolimba kapena pa mpando wosabonyoka, mapazi onse ataponda pansi kwathunthu. Mipando ya wofowofo ya pabalaza siyoyenera chifukwa imagwetsera chiuno kumbuyo. Womuthandiza amakhala ku mbali yofooka kapena kutsogolo.

Poyamba amangophunzira kukhala moongoka, kulemera kwa thupi kutagawanika mofanana pa matako onse awiri. Kalilole woikidwa kutsogolo, kapena mzere woongoka monga mphuthu ya chitseko, zimathandiza wodwala kuona yekha ngati wapendekeka. Kenako amayamba kugudubuza chiuno kutsogolo kuti msana uongoke, n'kuchibweza kumbuyo, mobwerezabwereza.

Chotsatira ndi kusamutsira kulemera kwa thupi ku mbali imodzi ndi kutukula thako la mbali inayo, phewa lisakugwa. Pambuyo pake amatsitsa chigongono mpaka chitagunda bedi, n'kubwerera pakati ndi mphamvu ya m'nthiti osati podzikoka ndi dzanja. Amaphunziranso kusendera kutsogolo ndi kumbuyo pa mpando ndi matako mosinthanasinthana, komanso kupinda manja pachifuwa n'kupotoza mapewa kumanja ndi kumanzere chiuno chili malo amodzi.

Sewero lofunika kwambiri pa gawoli ndi kutola chinthu chomwe chaikidwa patali pang'ono kuposa pomwe dzanja limafika: kutsogolo, m'mbali ndi pansi. M'chaka cha 1997 Catherine Dean ndi Roberta Shepherd a ku Australia anaonetsa kuti odwala omwe anachita zimenezi kwa masabata awiri anayamba kufikira patali ndiponso mofulumira, ndipo mwendo wofooka unayamba kunyamula kulemera kochuluka. Ndi bwino kugwiritsa ntchito zinthu zenizeni monga kapu, sopo, foni kapena nsapato, chifukwa ubongo umaphunzira msanga pamene ntchitoyo ili ndi cholinga chooneka.

Komwe kuli zipangizo, wodwala yemwe wakhazikika pa mpando amasamutsidwira pa mpira waukulu wa mafizo, womwe umagwedezeka ndi kukakamiza minofu kuti iyankhe msanga. Izi zichitike pokhapokha katswiri ali pomwepo.

Gawo lachitatu: kuimirira ndi kuyenda

Kunyamuka pa mpando ndi ntchito yomwe munthu amachita kambirimbiri pa tsiku, ndipo imayambira pa thunthu. Wodwala amasendera kutsogolo kwa mpando, n'kubweza mapazi kumbuyo pang'ono, n'kuweramitsa thupi kuchokera m'chiuno msana uli woongoka mpaka mphuno itafika pamwamba pa zala za kumapazi, kenako n'kuimirira ndi miyendo yonse iwiri. Pokhala pansi amatsika pang'onopang'ono osadzigwetsa. Mpando wautali umapepukitsa ntchitoyi, ndipo mphamvu zikamabwera amasinthira ku waufupi.

Ali chiimire pafupi ndi tebulo lolimba kapena khoma, amasamutsa kulemera kwa thupi kuchoka pa mwendo wina kupita pa unzake, amatembenuka kuyang'ana kumbuyo, amatola zinthu pa mashelefu otalika mosiyanasiyana, ndipo amaponda pa chidutswa cha thabwa kapena njerwa ndi phazi lamphamvu kuti lofooka linyamule thupi. Kwa omwe phewa lawo lili bwino, katswiri angaonjezere masewera ogwada ndi okwawa. Mapeto a zonse ndi kubwerera ku ntchito za tsiku ndi tsiku: kusamba, kuvala, kupita kuchimbudzi, kukwera minibasi ndi kukhala pa desiki kwa maola angapo.

Muyezo wa masewera

Kawirikawiri sewero lililonse limabwerezedwa ka 8 mpaka ka 10, n'kupuma, ndipo chiwerengero chimakwera malinga ndi mphamvu za wodwala. Chofunika ndi kachitidwe koyenera: kasanu kolongosoka kamaposa ka 20 kochita mopotoka. Mafizo a thunthu salowa m'malo mwa masewera a dzanja, a mwendo, a kuyenda ndi a kulankhula, koma amaonjezera pa iwo. Ku Britain, bungwe la NICE lomwe limapereka malangizo a chithandizo cha zaumoyo linanena m'chaka cha 2023 kuti odwala sitiroko omwe angakwanitse azilandira chithandizo chobwezeretsa mphamvu cha maola osachepera atatu pa tsiku, masiku asanu pa sabata. Komwe akatswiri ndi ochepa, muyezo wotere ungayandikiridwe pokhapokha ngati osamalira wodwala aphunzitsidwa bwino kuti azipitiriza kunyumba.

Zofunika kusamala

Wodwala asamagwire mpweya pochita masewera, chifukwa kutero kumakweza kuthamanga kwa magazi. Kuwerenga mokweza pamene akugwira sewero kumathandiza kuti azipumabe. Ngati BP yakwera kwambiri, monga kupitirira 180/110, achipatala aone kaye masewera asanachitike.

Masewera aimitsidwe nthawi yomweyo ndipo wodwala athamangitsiridwe kuchipatala ngati wamva kupweteka m'chifuwa, mutu waukulu wadzidzidzi, kubanika, chizungulire chosatha, kapena ngati kamwa yapotoka, mau asokonekera, ngakhalenso chiwalo china chafooka mwatsopano. Munthu yemwe anadwalapo sitiroko ali pa chiopsezo chodwalanso, motero mankhwala a kuthamanga kwa magazi, a shuga, ma ARV ndi ena omwe dokotala wapereka asasiyidwe chifukwa chakuti mafizo akuyenda bwino.

Dzanja lofooka lisakokedwe konse, ndipo wodwala asanyamulidwe pomugwira m'khwapa. Minofu yomwe imagwira phewa imakhala yolobodoka, ndipo kukoka kungagulule phewa ndi kuyambitsa ululu wotenga miyezi. Pomuimiritsa, agwiridwe m'chiuno, pa lamba kapena pa chitenje cholimba chomangidwa bwino. Pansi pasakhale poterera, ndipo timikeka, zingwe ndi nsapato za patapata zichotsedwe m'njira, pakuti kugwa kumachitika kawirikawiri m'miyezi yoyamba wodwala atatuluka m'chipatala. Yemwe sakutha kudzitembenuza atembenuzidwe pa maola awiri alionse popewa zilonda.

Zomwe kafukufuku waonetsa

M'chaka cha 2016 Rosa Cabanas-Valdés ndi anzake ku Catalonia m'dziko la Spain anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa odwala 80. Onse analandira mafizo a nthawi zonse, koma gulu limodzi linaonjezeredwa mphindi 15 za masewera a thunthu pa tsiku, masiku asanu pa sabata, kwa masabata asanu. Gulu limeneli linaposa linzake pa kukhala tsonga, kuimirira, kuyenda ndi kudzichitira ntchito za tsiku ndi tsiku. Ku Japan, kafukufuku wa Koshiro Haruyama ndi anzake wa m'chaka cha 2017, wa odwala 32, anapezanso kusintha pa mphamvu ya thunthu ndi kayendedwe patatha masabata anayi.

M'chaka cha 2023 bungwe la Cochrane, lomwe limasanthula umboni wa zachipatala, linaphatikiza zotsatira za kafukufuku 68 wokhudza odwala 2,585. Linapeza kuti mafizo a thunthu angathandize pa kukhazikika, kuyenda ndi ntchito za tsiku ndi tsiku, koma linachenjeza kuti umboniwo ndi wosalimba kwenikweni chifukwa kafukufuku wambiri anali wa anthu ochepa ndiponso wosakonzedwa mokwanira. Choncho mafizowa ndi njira yothandiza ndi yotsika mtengo, koma si chozizwitsa. Kuchira kumadaliranso kukula kwa chilonda mu ubongo, msinkhu wa wodwala, matenda ena omwe ali nawo ndi thandizo la pakhomo.

Thandizo m'dziko muno

Zipatala zikuluzikulu zinayi za boma, zomwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, zili ndi nthambi za mafizo. Bungwe la Malawi Against Physical Disabilities, lomwe linayamba m'chaka cha 1979 ndi dzina lakuti Malawi Against Polio, lakhala likuthandiza odwala otere kudzera pa malo ake a Kachere ku Blantyre, komwenso kwaphunzitsidwa ogwira ntchito ambiri othandiza pa mafizo. Maphunziro a digiri ya mafizo anayamba m'chaka cha 2010 pa sukulu ya College of Medicine, yomwe kuyambira m'chaka cha 2021 ili gawo la Kamuzu University of Health Sciences. Ogwira ntchitoyi amalembetsedwa ndi bungwe la Medical Council of Malawi. Ngakhale zili choncho, akatswiriwa ndi ochepa poyerekeza ndi chiwerengero cha odwala, ndipo ambiri ali m'mizinda pamene anthu ochuluka amakhala kumidzi.

Vuto lina ndi chikhulupiriro chakuti munthu wofa ziwalo mwadzidzidzi wamenyedwa ndi hamala ya mfiti. Maganizo amenewa amachedwetsa wodwala kufika kuchipatala, amamudyera miyezi yomwe ubongo ukanaphunzira msanga, ndipo nthawi zina amadzetsa nkhanza kwa anthu okalamba osalakwa.

Udindo wa akuluakulu

Dziko la Malawi linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu a ulumali m'chaka cha 2009, ndipo ndime 26 ya panganoli imapereka udindo kwa maboma woonetsetsa kuti chithandizo chobwezeretsa mphamvu chikuyamba msanga ndiponso chikupezeka pafupi ndi komwe anthu amakhala, kuphatikizapo kumidzi. Bungwe la WHO linakhazikitsa ndondomeko ya Rehabilitation 2030 m'chaka cha 2017, ndipo m'chaka cha 2023 msonkhano waukulu wa maiko omwe ali m'bungweli unagwirizana kuti chithandizochi chilimbikitsidwe ngati gawo la ntchito za umoyo.

Kwa okonza bajeti m'maunduna ndi m'makhonsolo, izi zikutanthauza kuika malo a ntchito a akatswiri a mafizo m'zipatala za m'maboma, kupereka mayendedwe oti azifikira zipatala zing'onozing'ono, ndi kuphunzitsa anamwino, alangizi a zaumoyo ndi osamalira odwala masewera oyambirira wodwala asanatulutsidwe m'chipatala. Kwa oyang'anira antchito m'maofesi, zikutanthauza kupereka mpata kwa wantchito wodwala kuti azipita ku mafizo mosadukiza m'miyezi yoyambirira, kuganizira mnzake yemwe akusamalira kholo kapena mwamuna kapena mkazi wake, ndi kukonza pobwerera ku ntchito monga mpando wolimba, ofesi ya pansi, chimbudzi chofikirika ndi maola oyamba pang'onopang'ono. Kuyezetsa BP kwa antchito nthawi ndi nthawi kumapewetsa zambiri mwa zovutazi zisanachitike.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wodwala yemwe lero akungotha kukhala tsonga kwa masekondi 30 angaoneke ngati sanapite patali, koma kwa katswiri wa mafizo chimenecho ndi chizindikiro chakuti kuimirira ndi kuyenda kuli kotheka, bola masewera apitirire tsiku ndi tsiku.